Mlamu Wanga ndi Tchalitchi cha m'Galaja

9 Malichi

Okondedwa mayi a ana anga,

Landirani moni, inu ndi ana, ndipo mukaperekenso kwa apongozi. Maso awo aja akuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la matabwa, kamene sikasowa kwa munthu wopala mipando tsiku lonse.

Kangachepe kamene ndatumiza mwa dalaivala uja mugulire wachisamba nsapato za kusukulu, kotsalako sopo ndi mafuta. Za malata tidikire kaye, zinthu kuno zakwera mtengo ngati zikuthawa galu.

Tsopano za mlongo wanu. Ndinapita ku nyumba imene ankakhala. Mwini nyumba anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena kuti anachoka chaka chatha osatsazika. Kumene ankagwira ntchito yomanga, nyumba inatha kale, ndi magalasi okhaokha, ndipo mlonda wake sadziwa kanthu. Apongozi muwauze kuti sindinatope. Munthu amene tinamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipankazima sangasowe mpaka kalekale. Penapake pali anthu amene makutu awo akulira naye.

Pali chinthu china chimene chikundidabwitsa. Panjira ya ku ntchito pali galaja yakale, ya chitseko chachitsulo chokankhira m'mwamba. Pansi pakadali madontho a oyilo, koma pakhoma anapachika mtanda wa matabwa osapala bwino. Akuti ndi tchalitchi. Lachinayi ndikamaweruka ndimapeza anthu akutulukamo ndi matumba, wina buledi, wina masamba, wina jekete paphewa, ndipo sindinaonepo wina akutulutsa ndalama.

Ndinafunsa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene timamutcha a Mkonono pa chifukwa chimene mungachidziwe nokha. Iwo akuti zaulere kulibe. Akuti amakujambula n'kutumiza chithunzi chako kunja kuti alandire ndalama, ndipo nyambo ikanona kwambiri uziyang'ana mbedza. Mwina akunena zoona. Koma inu mukudziwa kuti kwathu mbale ya m'tchalitchi imachoka kwa ife kupita kutsogolo. Kuno ikuyenda chobwerera, ndipo ndikufuna kudziwa chifukwa chake.

Ndine wanu,
bambo a ana.

2 Epulo

Mayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira. Ndakondwa kumva kuti nonse mwadzuka bwino ndi kuti kamzime kayamba kumera mano. Ine chifuwa chachepa, chifukwa masiku ano fumbi sindikulipuma kwambiri. Abwana akuti ogula mipando achepa, ndiye tikugwira mosinthana. Si nkhani yosowetsa tulo, komabe chimene ndatumiza muchigwire ndi manja awiri.

M'galaja muja ndinalowamo. Musaseke. Ndinkayembekeza kupeza munthu ataima pa mpando akuponyera anthu zinthu, koma ayi. Ayala matebulo ngati m'sitolo, apa buledi, apo kabichi ndi anyezi, uko zovala zopachika bwinobwino pa waya, za ana pazokha. Munthu amapatsidwa thumba n'kusankha yekha. Ndinaona bambo wina akuyesa jekete ili ndi ilo, akudziyang'ana pa galasi ngati m'thumba mwake muli ndalama, ndipo palibe amene anamufulumizitsa.

Woyang'anira ndi mayi wina wamfupi, wa imvi, womanga mulu wa makiyi m'chiuno moti umamumva asanafike. Onse amangoti Amayi a Makiyi. Sanandifunse dzina, kwathu, kapena mapepala, chinthu chimene kuno ngakhale galu amakufunsa. Nditawauza m'chiyankhulo chawo, chimene ndimangothyolathyola, kuti ndangobwera kudzaona, anati, "Kuona n'kwaulere. Koma poti manja anu ali chabe, gwirani bokosi ili." Ndinanyamula mabokosi mpaka dzuwa kupendeka.

Ponyamulapo m'pamene ndinadziwa kumene zinthuzo zimachokera. Buledi ndi wadzulo, amapereka wophika buledi wa pakona. Masamba amabweretsa amayi a kumsika, aja ofota pang'ono amene ogula amawalambalala. Zovala ndi za anthu a mumpingo, ndipo masuti abwino kwambiri ndi a amuna amene anamwalira. Eni mpingowo si olemera ayi, ndi oyendetsa minibasi, osesa m'maofesi, ochapa. Abusa awo ndi okonza magetsi. Ndinawapeza ali pa makwerero, waya uli kukamwa.

Kamera ndinaidikira, ndipo inabweradi, ndi bambo wina wa tayi wochokera ku likulu la mpingo. Amayi a Makiyi anamuuza kuti ajambule kabichi, nkhope za anthu ayi. Bambo uja anang'ung'udza, koma anajambula kabichi. Nditawauza a Mkonono anangoti mbedza yabwino sioneka tsiku loyamba. Chimene sindikumvetsa n'chakuti sakupempheretsa kaye usanalandire. Pemphero lilipo pakona, la amene akufuna, ndipo ambiri amangodutsa.

Abusa ndinawaonetsa chithunzi cha Wayilesi. Sanamudziwe, koma anati si onse amafika ku galaja. Ena manyazi kapena matenda amawatsekera kumene ali, ndipo amenewo mpingo umawatsata Loweruka m'mawa. Ndapempha kupita nawo.

Kuzizira kwayamba kuno. Jekete ndapeza, musadandaule. Mtengo wake musandifunse.

Wanu,
bambo a ana.

27 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti wachisamba anadwala malungo, ndipo ndathokoza kuti munathamangira naye kuchipatala msanga. Asayambe kupita kumadzi asanalimbe. Ine ndili bwino.

Mwandifunsa kuti munthu wa pa ntchito amapezeka bwanji akunyamula mabokosi Lachinayi masana. Maso anuwo, mayi. Ndinakuuzani kuti tikusinthana. Tsono mlungu uno si wanga, ndipo wathawu sunalinso wanga. Timaganyu ndikupeza apa ndi apo. Mabenchi a m'galaja muja ndawakhoma onse, mtanda uja ndaupala, ndipo sindigona ndi njala. Izi zikhale pakati pa ife awiri.

Loweruka timanyamuka pa kagalimoto ka abusa konyamulira mawaya. Kumbuyo timakweza mphika waukulu wa msuzi wa nyemba, buledi, mbale zapulasitiki, mabulangete, ndi kabokosi ka mankhwala ka namwino wina wa mumpingo. Timapita kuseri kwa sitesheni yakale ya sitima, kumene kuli chinyumba chosungiramo katundu chopanda denga. M'menemo anthu amanga timisasa ta makatoni ndi mapulasitiki, tina tosafika m'chiuno mwanga. Ndadutsa pa khoma limenelo kambirimbiri osadziwa kuti kuseri kwake kuli mudzi wathunthu.

Tsiku loyamba ndinatulutsa chithunzi chija n'kuyamba kuonetsa aliyense. Mzere wa olandira msuzi unasungunuka ngati mchere m'madzi. Amayi a Makiyi anandikokera pambali nati, "Bisani chimenecho. Kuno woyenda ndi zithunzi ndi wapolisi. Ife sitisaka anthu. Timangobwera tsiku lomwelo, malo omwewo, mpaka atizolowere." Ndinachibisa. Tsopano ndimangogawa msuzi n'kumayang'ana nkhope mwakabisira. Ya mlongo wanu sindinaione.

Pali munthu wina kumeneko amene wandisokoneza mutu. Ndi wamtali, amavala chipewa chofiira cha ubweya, salankhula ndi aliyense. Lamulo ndi lakuti mbale imodzi munthu mmodzi kufikira onse atalandira, koma iyeyu amamupatsa ziwiri, ndipo amazinyamula mosamala kupita ku kamsasa ka kumapeto kwenikweni. Nditafunsa, Amayi a Makiyi anati munthuyo anawalozera ndi manja kuti kuli wodwala. Iwo anapempha kukamuona wodwalayo, iye anakana, ndiye akungotumiza msuzi kuti uzikawaperekera moni. A Mkonono akuti mbale yachiwiriyo amasinthitsa ndi fodya. Ine sindikudziwa, koma munthu wokasinthitsa ndi fodya saphimba mbale ndi dzanja kuti fumbi lisagweremo.

Chimanga mukakolola musagulitseko, ngakhale ogula abwere ndi mawu okoma.

Ndine wanu,
bambo a ana.

11 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Pepani kuti zilembo zapendekeka, dzanja lamanja ndinapsa ndi msuzi. Namwino anamanga, likuchira.

Mwezi uno dalaivala afika chimanjamanja. Musamukayikire, sindinamupatse kanthu. Kamene ndinali nako kapita kwina, ndipo tsiku lina mudzavomereza kuti kanapita koyenera. Ngati zavuta mugulitse nkhuku, mbuzi ayi.

Ndili ndi nkhani, koma si yanga, ndipo mwini wake sanandilole kuinena. Musandifunse m'kalata yanu. Apongozi muwauze kuti ndati azidya, azigona.

Wanu,
bambo a ana.

1 Juni

Mayi a ana anga,

Lero moni adikire kaye. Wayilesi ali moyo. Ali pano, wagona pa matilesi pafupi ndi mwendo wanga pamene ndikulemba. Tsopano landirani moni, ndipo khalani pansi ndikuuzeni.

Loweruka lija ndinapsa, munthu wa chipewa chofiira uja anapatsidwanso bulangete, manja n'kumuchepera. Ndinanyamula mbale imodzi n'kumutsata, ndipo sanandithamangitse. Titatsala pang'ono kufika pa kamsasa kake ndinapunthwa pa njanji yakale, msuzi wotentha n'kunditayikira padzanja ponse. Ululu susankha chiyankhulo. Ndinakuwa m'chathu chenicheni, "Mayo ine, ndapsa mwana wa eni!" Pamenepo mkati mwa makatoni munamveka kuseka. Kuseka kuja koyamba ngati ntchikwi n'kuthera m'chifuwa, kumene kunasokoneza abusa pa ukwati wathu. Ndinaiwala dzanja. Ndinakweza pulasitiki.

Mayi, sindikubisirani, akanadutsana nane panjira sindikanamudziwa. Waonda, ndevu zadzaza nkhope, mwendo wamanzere ndi wopindika. Tinayang'anana nthawi yaitali. Kenako anati, "Alamu, mwataya chakudya changa." Atatero anaphimba nkhope ndi bulangete, ndipo ndinangokhala pansi pambali pake mpaka anamaliza kulira. Mawu ake achiwiri anali akuti ndisakuuzeni inu ndi amayi, chifukwa amayi anagulitsa ng'ombe ija kuti iye abwere kuno, ndipo chimene angawaonetse ndi mwendo wothyoka basi.

Anagwa pa nsanja ya omanga. Abwana ake anamutengera kuchipatala kamodzi, anamupatsa kangachepe, n'kumuuza kuti asadzaonekenso. Kubwerera kuchipatala ankaopa chifukwa cha mapepala. Nyumba inamukanika, foni anagulitsa. Wa chipewa uja anamupeza atagona pa siteji ya basi, n'kumubereka mpaka ku kamsasa kake. Ndi wa dziko linanso, samvana chiyankhulo ngakhale liwu limodzi. Miyezi yonseyi akhala akulankhulana ndi manja. Taganizani, Wayilesi wopanda womumvera.

Ndinkafuna kumunyamula tsiku lomwelo, koma anakana. Amayi a Makiyi anandiletsa kumukoka, nati munthu amene zonse zinamuchokera watsala ndi "ayi" wake yekha, ndisamulandenso. Tinapita ndi namwino, anatsuka bala limene linali litayamba kununkha, ndipo ine ndinkapitako tsiku ndi tsiku ndi mankhwala. Uko n'kumene kunapita kangachepe ka mwezi watha. Potsiriza anavomera kuchoka m'kamsasamo. Abusa anasiya ntchito yawo ya magetsi, anatitengera kuchipatala, naima nafe pa mzere tsiku lonse, akuyankha okha mafunso amene ife timawaopa.

Matilesi amene wagonerapo ndi a a Mkonono. Anapereka akudandaula kuti msana wawo uthyoka, koma anapereka, ndipo akulizira mkonono wawo pa simenti.

Dzulo m'pamene anandilola kulemba. Anati, "Lembani alamu, koma muyambe ndi kuti ndili moyo, zinazo zibwere pambuyo." Ndachita monga ananenera. Apongozi muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi.

Wanu,
bambo a ana.

29 Juni

Mayi a ana anga,

Moni kwa nonse. Kalata yanu tinawerenga awiri. Pamene munalemba mawu a apongozi akuti ng'ombe imabadwa ina koma mwana wawo ndi yemweyo, mlongo wanu anatembenukira kukhoma, ndipo ndinamusiya. Ife tili bwino. Dzanja langa lapola, latsala chipsera.

Adokotala akuti mwendo uyenda ndi ndodo, koma za kukwera nsanja aiwale. Kuno munthu wotere sakhala. Vuto linali lakuti ankakanitsitsa kubwerera kumudzi chimanjamanja. Nditawauza Amayi a Makiyi sanamunyengerere. Anangoti akusowa munthu wosankha zovala, wokhala pansi. Tsono Lachinayi lililonse amakhala pa benchi pakhomo, akupatula zong'ambika, akusoka mabatani, ndipo pakamwa paja payakanso. Chiyankhulo cha kuno amachithyola kuposa ine, koma anthu a pa mzere amaseka mpaka kugwira m'mimba. Amauza agogo kuti jekete ili likuwabwezera unyamata, ndipo agogowo amalitengadi.

Za ulendo wake zinakambidwa Lamulungu atatha mapemphero. Ndinapempha kukhala kumbuyo, chifukwa ndinkafuna kuona mmene anthuwa amagamulira zinthu. Ndinkaganiza kuti onse ndi a mtima umodzi ngati angelo. Ayi ndithu, amakangana ngati ife. Ndalama zimene anali nazo ankasungira denga, limene limadontha nthawi ya mvula. Msungichuma wawo, mkulu wina amene kale ankayendetsa minibasi, anaimirira n'kunena kuti munthuyu si wa mumpingo, si wa dziko lino, ndipo akatumiza mmodzi mawa pabwera khumi. Anati chifundo chopanda denga chidzanyowetsa buledi yemwe. Ndinachita manyazi, koma mumtima ndinavomera kuti sakunama. Mayi wina anati iye ndi amene amakhala pamene pamadonthapo, ndipo watopa kupemphera ndi ambulera. Amayi a Makiyi analankhula komalizira, mwachidule. Anati, "Mvula ikabwera timasuntha mabenchi. Mayi wa mwanayu maso akutha. Amenewo tiwasunthira kuti?"

Anthu anakweza manja, ndipo ovomera kuti denga lidikire anaposa pang'ono chabe. Msungichuma anatuluka osatsazika, ndipo ndinati basi tapeza mdani. Lachinayi lotsatira ndinangoona akubwera ndi sutikesi yakale yachikopa. Anaiponya pa mapazi a Wayilesi, nati anthu a basi amaponya katundu mwachipongwe, thumba la pulasitiki silingafike. Sanamwetulire n'komwe. Anthu awa sindikuwamvetsa, mayi. Ndawauza abusa kuti denga ndiliyang'ana ndekha, mwina ndi phula ndi misomali lingapirire chaka china.

A Mkonono akuti mbedza akuifunabe. N'chifukwa chake amabwera Lachinayi lililonse kudzaifufuza, n'kubwerera ndi kabichi kukhwapa.

Mukonze kachipinda ka kuseri kaja. Pakhomo pake muchotse mwala uja, angapunthwe.

Ndine wanu,
bambo a ana.

20 Julayi

Okondedwa mayi a ana anga,

Moni uyu sakudzera mwa dalaivala, wabwera ndi mwini nkhani. Ine ndili bwino, ndipo ndapeza malo kwa bambo wina wopanga zitseko. Malipiro ndi ochepa koma ndi a mlungu uliwonse. Ntchito ya mipando ija inatha kale, ndikudziwa kuti munadziwa.

Za mu sutikesimo anasankha yekha. Diresi la buluu ndi la apongozi, juzi ndi yanu, tinsapato ndi ta kamzime. Pali ndi suti imodzi ya iye mwini, anaifupikitsa yekha miyendo. Anthu akafunsa kuti anagula kuti, inu musayankhe. Anazigwirira ntchito pa benchi paja, ndipo mabatani onse amene muwaone anasoka ndi iye.

Dzulo tikupinda zovalazo ndinawafunsa Amayi a Makiyi funso limene lakhala likundidya, lakuti bwanji sapempheretsa anthu asanawapatse. Anandiseka kuti ndimafunsa ngati mwana. Kenako anandiuza kuti nawonso anafika m'tauni muno ali mtsikana, wopanda wachibale, ndipo ankakadya pa malo ena pamene ankawaimbitsa nyimbo kaye, chakudya chili patsogolo pawo chikuzizira. Anati ankaimba maso ali pa mbale, ndipo nyimbo imeneyo mpaka lero ikayambika m'tchalitchi amatuluka panja. "Mulungu sindinamukwiyire," anatero. "Koma sindifuna kuti wina adane ndi nyimbo chifukwa cha ine." Atatero anandituma kukatenga chingwe chomangira sutikesi.

Loweruka lapitali Wayilesi anapita nafe kukatsazika mnzake wa chipewa. Anamuuza zambiri m'chathu, winayo akungogwedeza mutu ngati akumva zonse. Anamupatsa jekete, anagwirana manja nthawi yaitali. Tinamupempha kuti azibwera ku galaja, anakana. Chimene chandidabwitsa n'chakuti akutengabe mbale ziwiri. M'kamsasa muja mwalowa wina. Sindinamuone nkhope, ndinangomva kutsokomola. Mlongo wanu wandilonjezetsa kuti ndisasiye kupitako, ndipo ndikanapitabe ngakhale akanapanda kunena.

Mankhwala ali m'thumba la m'mbali, amwe akadya. Asapalase njinga, asanyamule katundu wolemera, ngakhale akakamire. Tsiku lina akangoti duu osalankhula, musamufunse, zimamuchitikira, zimatha zokha. Za ng'ombe pasapezeke wozitchula, ngakhale mwanthabwala, makamaka amalume anu aja.

Ine ndibwera denga la anthu awa likalimba ndi m'thumba mukalemerako. Ana muwapsompsone.

Tsopano pindani kalatayi. Amene waibweretsa wakhala pamaso panu, wayenda ulendo wautali, ndipo zotsala akuuzani yekha. Mumupatse madzi osamba, ndipo nonse mukonze makutu.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana.